Mlendo wochokera kutali: zoyenera kumuuza ukwati usanafike

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikamba za ukwati, ndipo mtima wanga uli pa munthu mmodzi amene komiti yaukwati imakonda kumukumbukira dzuwa litapendeka. Ameneyu ndi mlendo wochokera kutali: azakhali a kumudzi, amalume eni mbumba, agogo amene analera mkwatibwi, achimwene amene ali ku Joni.

Komiti imakhala pansi Lamlungu ndi Lamlungu. Za holo zimakambidwa, za keke zimakambidwa, mtundu wa nsalu anthu mpaka kukwezerana mawu. Koma tafunsani kuti azakhali akatsika basi 7 koloko usiku akawachingamira ndani, mudzaona aliyense akuyang'ana mnzake.

Kale vutoli linali lochepa. Mnyamata ankapeza mbeta m'mudzi woyandikana nawo, ankhoswe ankayenda wapansi, ndipo aliyense woitanidwa ankadziwa njira, chitsime ndi nyumba yoti akagonemo. Lero ana athu akukumana m'tauni. Tiyerekeze chonchi, ndipo chitsanzo chimenechi tiyenda nacho mpaka kumapeto: mnyamata kwawo ndi ku Ekwendeni, amagwira ntchito ku Kanengo. Mtsikana kwawo ndi ku Mulanje, akuphunzitsa ku Area 25. Ukwati uchitikira mu Lilongwe. Akuchimuna ayenda makilomita pafupifupi 350 kuchokera ku Mzuzu, kuwonjezapo kamtunda ka ku Ekwendeni. Akuchikazi ayamba ndi makilomita oposa 60 kukafika ku Limbe, kenako oposa 300 kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza. Anthu onsewa akubwera kumalo kumene ambiri a iwo sadziwako ngakhale pogula madzi akumwa.

Nkhani imayambira pa tsiku. Achinyamata inu, musanakalipire holo, tsikulo lidutse kaye kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ankhoswe ndiwo amadziwa kuti mwezi wakutiwakuti kumudzi kuli chiliza, kapena kuti amalume aakulu sangachoke fodya asanagulitse. Ukwati umene amalume aumvera kwa anthu apanjira umayamba ndi mlandu, ndipo mlandu wotero sumatha ndi kupepesa kwa pafoni.

Posankha tsiku ganizirani woyenda. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi imasanduka matope, ndipo mitsinje ina imadzadza moti galimoto imagona kutsidya. A kummwera sanaiwale mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ndi milatho mu Malichi 2023. Miyezi yomweyo ndiyonso ya njala ndi yopalira, munthu wa kumudzi alibe ndalama ya basi ndipo munda sungamulole. N'chifukwa chake maukwati ambiri kuno amachulukana anthu akakolola, mpaka mu Okutobala. Koma nyengo yabwinoyi ili ndi zake. Loweruka lomaliza la Ogasiti Achewa ambiri amakhala ali ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Mu Ogasiti momwemo Angoni a ku Mzimba amasonkhana ku Hora pa Umthetho. Mu Okutobala kuli Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ku Mulanje, ndiye akuchikazi a m'chitsanzo chathu mudzawaika pampanipani mukasankha sabata imeneyo. Ngati ukwati wanu uli ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay, kumbukirani kuti pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, malo ogona a kunyanja amadzaza msanga.

Palinso za malamulo ndi za mpingo. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo wa makolo, ndipo onse okwatirana akhale atakwanitsa zaka 18. Mipingo yambiri imalengeza ukwati masabata atatu otsatizana usanadalitsidwe, ndipo ina imafuna kuti mudutse kaye m'maphunziro a banja. Musasindikize makadi abusa, abambo mfumu kapena ashehe asanalembe tsikulo m'buku mwawo. Tsiku likakhazikika, a kutali ndiwo ayambe kumva. Mnansi wa kuseri kwa mpanda angamve kutatsala masabata awiri n'kubwerabe. Munthu wa ku Ekwendeni ayenera kugulitsa kaye nkhuku kapena thumba la chimanga, wa ku Johannesburg ayenera kupempha tchuthi kwa abwana. Amenewa muwapatse miyezi itatu, makadi adzawapeza pambuyo.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano ndikupempheni chinthu chimodzi, inu a komiti. Muli ndi tcheyamani, mlembi, msungichuma, wa zakudya, wa zokongoletsa, wa magalimoto. Sankhaninso munthu woyang'anira alendo ochokera kutali, ndipo ntchito yake ikhale imeneyo basi. Zingakhale bwino atakhala awiri, wina wa kuchimuna, wina wa kuchikazi, chifukwa aliyense amadziwa anthu akwawo ndi maina awo aulemu. Wa kuchimuna m'chitsanzo chathu akhale womva Chitumbuka. Agogo a ku Ekwendeni akasochera pa depoti, adzafotokoza pamene aima m'chinenero chimene amalota nacho.

Munthu ameneyu asakhale mkwatibwi, asakhale mkwati, asakhalenso mayi wa mkwatibwi. Lachisanu madzulo mkwatibwi ali kosaluni, foni ili m'chikwama cha mnzake. Mkwati akuthamangira suti kwa telala. Mayi ali kumaphikidwe, manja ali mu ufa. Woyang'anira alendo akhale munthu amene foni yake imayankhidwa, wodekha, wosatopa kubwereza mawu amodzimodzi kasanu. Komiti imugulire mayunitsi, ndipo ngati kungatheke akhale ndi nambala ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, poti kumadera ena netiweki imodzi imagwira, inzake ayi.

Ntchito yake yoyamba ndi kuwerenga anthu. Apa m'pamene timanamizana kwambiri. Khadi limodzi lapita kumudzi, lalembedwa bambo ndi mayi auje, koma tsiku la ulendo mumva kuti anthu adzaza lole. Musawadzudzule, kwathu kuno ukwati ndi wa mudzi wonse, ndipo palibe amene amaona kuti akufunika khadi kuti akaone mwana wa mchemwali wake akukwatiwa. Njira yake ndi kudzera kwa nkhoswe. Iyeyo akhale pansi ndi akuluakulu a kumudzi, agwirizane kuti opita ndi awa, ndipo atumize maina. Mufunse kuti amayi ndi angati, abambo angati, ana angati, okalamba ovutika kuyenda alipo kapena ayi. Mawu akuti "tibwera ochepa chabe" musawalandire. Ochepa a kumudzi ndi ochepa a m'tauni sagwirizana.

Ntchito yachiwiri ndi kulongosola njira, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri timaganiza kuti tikalemba dzina la tchalitchi pakhadi ndiye tamaliza. Mwalemba kuti ukwati udzadalitsidwa ku CCAP ku Area yakutiyakuti. Kodi mukudziwa kuti mu Lilongwe muli mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Nkhoma komanso ya Sinodi ya Livingstonia, nthawi zina m'dera limodzi lomwelo? Mlendo wa ku Ekwendeni akafunsa wakabaza kuti CCAP ili kuti, adzaperekezedwa ku imene wakabazayo amaidziwa, n'kukhala pansi mwaulemu kuonerera ukwati wa eni ake. Area 25 nayo ili ndi zigawo zake, Area 18 ili ndi A ndi B, Area 47 ili ndi masekita. Ku Blantyre munthu wongouzidwa kuti ku Machinjiri kapena ku Ndirande ndiye kuti sanauzidwe kanthu.

Longosolani monga mmene mungalongosolere munthu amene sanapondepo m'taunimo. Atsikire pati? Akatsika akwere minibasi zopita kuti, ndipo zimaimikidwa mbali iti ya depoti? Amuuze kondakitala kuti atsika pa siteji yanji? Tchulani dzina limene makondakitala amaitanira, ngakhale likhale losiyana ndi lolembedwa pachikwangwani. Akatsika ayang'ane chiyani: chigayo, mjigo, sukulu, filing'i siteshoni? Mtengo wa minibasi ndi wa kabaza muufufuze sabata yomweyo ya ukwati n'kuwauza, chifukwa mitengo ikusintha kawirikawiri ndipo mlendo wooneka kuti ndi wachilendo amatchulidwa mtengo wina.

Achinyamata mudzati, tingotumiza lokeshoni pa WhatsApp. Tumizani ndithu, imathandiza amene akubwera pa galimoto zawo. Koma azakhali a ku Mulanje ali ndi kafoni kamabatani, ndipo ena amene ali ndi foni yaikulu alibe bandulo tsiku limenelo. Uthenga womwewo upite m'njira zitatu: pa gulu la WhatsApp, pa meseji wamba, ndi pakamwa, kuimba foni n'kulankhula ndi mtsogoleri wa ulendowo mpaka abwereze yekha zimene mwamuuza. Pa gulu la WhatsApp paja, uthenga wofunika umamira msanga pansi pa zithunzi za nsalu ndi ma ameni. Woyang'anira alendo aziubwereza Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu la sabata yomaliza.

Musaiwalenso kuti ukwati wa m'tauni uli ndi malo atatu kapena anayi: kofikira alendo, kutchalitchi, kojambulitsa zithunzi, ndi kuholo. Mlendo wafika bwino kutchalitchi, mwambo watha 11 koloko, akwati akwera galimoto yamaluwa, a m'tauni alowa m'magalimoto awo. Agogo atsala pabwalo la tchalitchi padzuwa, madyerero ayamba 1 koloko kutsidya lina la mzinda. Akadya kuti nkhomaliro? Akwera chiyani? Ngati komiti yachita hayala minibasi, alendo auzidwiretu kuti minibasi yake ndi iyi, woyendetsa ndi uyu, idzaima apa.

Za nthawi ndinene mwachidule. Kutchalitchi sikuli ngati kuholo. Abusa ena amadalitsa maukwati angapo m'mawa umodzi, ndipo akati 8 koloko ndi 8 koloko. Munthu wochokera ku Mulanje kapena ku Mzuzu sangadzuke Loweruka lomwelo n'kuupeza mwambo. Anyamuke Lachisanu m'mamawa kuti afike kukuwala. Basi ya pakati pa Blantyre ndi Lilongwe imatenga maola anayi kapena asanu ngati ndi ija yonyamuka pa nthawi yake, koma yodikira kudzaza ndi yoima paliponse ingakudyereni tsiku lonse. Obwera pa galimoto zawo kuchokera kummwera akumbutseni kuti pa msewu wa M1 pali mageti awiri olipiritsa, pa Chingeni ndi pa Kalinyeke ku Dedza, ndipo mafuta akamavuta muwauze zoona za mmene zilili m'tauni mwanu kuti athire okwanira kobwerera.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya za m'banja, ndipo lero tikukamba za alendo a paukwati ochokera kutali. Tafika pa nkhani imene Amalawi timaizemba chifukwa cha manyazi: ndalama.

Ndani alipira thiransipoti? Funso limeneli liyankhidwe poyera, mwezi wathunthu ukwati usanafike. Chimene chimachitika n'chakuti a m'tauni amangoti "mubwere ndithu, tidzaonana konkuno." Iwo akutanthauza kuti tidzasangalala kukuonani. A kumudzi amva kuti ndalama yobwererera ikakhala ili konko. Ndiye amakongola ya ulendo wopita wokha. Lamlungu m'mawa anthu 20 akhala pakhonde, zikwama zili m'manja, akudikira mkwati. Mkwati naye ndalama za perekaniperekani zapita kale kwa mwini holo, kwa wojambula ndi kwa mwini zokuzira mawu. Banja latsopano limayamba ndi katapila tsiku lake loyamba, ndipo abale amabwerera kwawo akudandaula kuti mwana uja tauni yamusintha.

Zonsezi zimapeweka ndi mawu ochepa onenedwa nthawi yabwino. Ngati mungathe kulipirira anthu asanu okha, nenani kuti makolo, agogo ndi ankhoswe tiwalipirira kupita ndi kubwerera, ena onse ndi olandiridwa koma adzilipirire okha. Mawu otere akachokera pakamwa pa mwana amawawa, n'chifukwa chake muwapereke kwa nkhoswe, iye amadziwa kuwakazinga. Wina adzakhumudwa, inde. Koma kukhumudwa ali kwawo, mwezi usanafike, n'kopepuka kusiyana ndi kukhumudwa ali pa depoti ya Lilongwe opanda tikiti. Ndipo ndalama ya thiransipoti ya amene mwawalonjeza ikhale mu envelopu yakeyake kwa msungichuma, isadikire zimene zidzatoleredwe m'lichero.

Inunso alendo ndikupempheni. Ndalama yobwererera imangeni pa nsonga ya chitenje ndipo muiiwale. Ng'oma ikalira, mwana wa mlongo wanu akamwetulira kutsogoloko, dzanja limapita lokha m'thumba. Fupani imene munakonzera kufupa.

Pogona napo tinene zoona. Ngati alendo akagona m'kalasi pasukulu kapena m'holo ya tchalitchi, palibe chochititsa manyazi, maukwati ndi misonkhano ya mpingo takhala tikugona motero. Cholakwika ndi kusawauza. Auzeni kuti atenge zofunda, ndipo inu mupezeretu mphasa kapena matiresi, ndowa, sopo ndi nkhuni zotenthetsera madzi. Chilolezo cha ahedi kapena cha akulu a mpingo chitengedwe kale, osati Lachisanu madzulo alonda atatseka geti. Onani kuti zimbudzi ndi mabafa zikwanira, amayi kwawo, abambo kwawo. Mwambo wathu wa ulemu pakati pa apongozi uganiziridwenso: musagoneke mayi wa mkwatibwi m'nyumba imodzi yopapatiza ndi mkamwini wawo, kumapanikizana pakhomo la bafa m'mawa. Okalamba ndi amayi a ana akhanda apezereni nyumba za anansi kapena za akumpingo. Amene angakonde malo olipira, apatseni maina a malo awiri kapena atatu apafupi, a mitengo yosiyana, ndipo munene momveka kuti akalipira okha.

Nyengo ya kumalo kwanu inu munaizolowera, mlendo sakuidziwa. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa woitanidwa ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi auzidwe kuti atenge juzi ndi bulangete lenileni. Wa ku Lilongwe wopita ku Thyolo kapena ku Mulanje miyezi yomweyo adziwe za chiperoni. Wa ku Dedza wopita ku Karonga kapena ku Mangochi mu Okutobala adziwe kuti suti yakuda ija idzamuzunza, ndipo neti ya udzudzu isatsale.

Kukhitchini uzaniko msanga za alendo amene sadya zina. Asilamu amafuna nyama yozingidwa mwa Chisilamu, ndipo m'matauni athu nyama yotero sivuta kupeza ngati mwaganiza kale. A Seventh Day sadya nkhumba, ndipo ukwati wanu ukakhala Loweruka ena adzafika dzuwa litalowa kapena adzangotumiza mphatso, musawaone ngati akunyozani. Alipo odwala shuga ndi BP amene sangadikire chakudya mpaka 4 koloko madzulo. Madzi akumwa akhale otetezedwa, ndipo posamba m'manja pakhale pothirirana ndi sopo, osati beseni limodzi anthu 50. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa zimene zimachitika pamene anthu ambiri adyera pamodzi mosasamala. Chakudya cha Lachisanu usiku ndi tiyi wa Lamlungu m'mawa zilowe mu bajeti. Makomiti ambiri amawerengera mpunga ndi nkhuku za Loweruka zokha, ngati kuti alendo adzatsika kumwamba m'mawa n'kukweranso madzulo.

Mawu awiri pa za zovala ndi miyambo. Ngati pali nsalu ya ukwati, tumizani mtengo wake ndi nthawi yokwanira yosokera, ndipo munene kuti amene sangathe abwere ndi chimene ali nacho. Ndaonapo amayi achikulire akubisala kumbuyo kwa holo chifukwa onse avala zofanana kupatula iwo. Ngati tchalitchi chake chili ndi malamulo a kavalidwe, monga kufunda kumutu kapena kusavala buluku kwa amayi, alendo a mipingo ina adziwe. Komanso pamene mitundu iwiri ikukumana, monga m'chitsanzo chathu, akumpoto anazolowera malowolo ndi kutenga mkazi kupita naye kwawo, pamene a ku Mulanje anazolowera chinkhoswe ndi chikamwini. Zimenezi ankhoswe azimalize kale, ndipo alendo auzidwe miyambo imene idzachitike ndi imene sidzachitika. Holo yodzaza anthu si malo oyambira kufunsa kuti nanga ng'ombe zija zili pati.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano abale athu a kunja. Wochokera ku South Africa pa basi amadutsa pa Beitbridge, kudula Zimbabwe mpaka pa Nyamapanda, kulowa Mozambique kudzera ku Tete, n'kudzatulukira pa Mwanza kapena pa Dedza. Ndi zipata zitatu, ndipo pa chilichonse basi ingachedwe maola ambiri. Ulendo umenewu ndi wa masiku awiri, nthawi zina kuposerapo. Muuzeni afike Lachitatu, asayerekeze kufika Lachisanu usiku, makamaka ngati ndiye wanyamula diresi kapena mphete. Kunena zoona, chinthu chimene ukwati sungachitike popanda icho chisamayende ndi munthu wofika mochedwa. Ayang'ane pasipoti yake ngati ili ndi masiku, ndipo ngati akubwera ndi ana afunse za zikalata zakubadwa ndi kalata ya chilolezo cha kholo limene latsala.

Pali nkhani ina imene mabanja sakonda kuitchula. Ena mwa abale athu ku Joni masiku awo okhalira m'dzikomo anatha. Malamulo a kumeneko amati munthu wotero akamatuluka amaletsedwa kulowanso, chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapitirira kuposa apo. Mbale wotere akakuuzani kuti sabwera, musamukakamize ndi mawu akuti ndiye kuti sutikonda. Mwina ndi yemweyo amene walipira holo. Mukonzereni wina woti adzamuonetse mwambo pafoni, ndipo dzina lake litchulidwe pa mwambowo.

Obwera pa ndege anene bwino lomwe ngati atsikira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kapena ku Chileka, chifukwa kusokoneza mabwalo awiriwa ndi ulendo wa makilomita oposa 300. Amene ali ndi mapasipoti a maiko ena, kuphatikizapo ana athu obadwira ku Britain kapena ku America, afunse ku Immigration za viza asanagule tikiti, poti malamulo ake amasinthasintha. Ana obadwira kunjawo, ngakhalenso akuluakulu amene akhalitsako, matupi awo sanazolowere malungo. Aonane ndi dokotala asananyamuke kuti alandire mankhwala oteteza, ndipo kuno agone m'neti. Mapulagi athu ndi a mano atatu aja ofanana ndi a ku Britain, a ku South Africa ozungulira aja salowa. Nthawi yathu ndi imodzi ndi ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, koma Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo Britain ili m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Wofuna kuonera pafoni muuzeni nthawi ya kwawoko.

Mlendo amene sanaonepo perekaniperekani mufotokozereni. Adziwe kuti adzaitanidwa kangapo: akuchimuna, akuchikazi, anzake a kuntchito, akumpingo. Asinthiretu ndalama zing'onozing'ono, asadzaponye ma K5,000 onse pa nyimbo yoyamba n'kukhala chete mpaka madzulo. Ndipo poti a Reserve Bank akhala akutipempha kuti tisamaponde ndi kuwononga ndalama pamaukwati, lichero kapena beseni likhale pafupi, ndalama zigwere mmenemo.

Otumiza thandizo ali kutali, kaya pa Airtel Money, pa Mpamba, pa Mukuru kapena kubanki, apatsidwe nambala imodzi yokha ya msungichuma, pamodzi ndi dzina limene lidzaoneke potumiza. Akuba a pafoni amaona makadi athu pa Facebook, amaona maina ndi tsiku, n'kuyamba kulembera abale kuti nambala yasintha, tumizani pa iyi. Nenani kuyambira pachiyambi kuti nambala sidzasintha, ndipo wolandira uthenga wotero aimbire kaye woyang'anira alendo. Adiresi ya nyumba imene mukusungira mphatso isaikidwe poyera pa intaneti.

Nanga zinthu zikasintha? Kwathu kuno maliro akagwa pabanja sabata ya ukwati, akuluakulu amakhala pansi n'kugamula ngati ukwati upitirire kapena uimitsidwe. Chigamulo chikangotuluka, foni yoyamba ipite kwa amene ali kutali kwambiri, asanakwere basi. Chimodzimodzi holo ikasintha kapena nthawi ya kutchalitchi ikasunthidwa. Apa m'pamene mndandanda wa maina ndi manambala uja umagwira ntchito: woyang'anira alendo aimbire mmodzimmodzi, kuchonga dzina lililonse, osangoponya uthenga pagulu n'kuganiza kuti onse awerenga.

Ndikuwerengereni chitsanzo cha uthenga woti upite kwa akuchikazi a ku Mulanje aja. Mukhoza kuusintha malinga ndi kwanu.

"Zikomo amalume. Ukwati ndi Loweruka pa deti lakuti. Inu munyamuke Lachisanu, mukwere basi ya m'mawa ku Limbe kapena kwa Wenela. Mukadutsa pa Dedza mutiimbire. Mukatsikire ku depoti ya Lilongwe, auje adzakhala akukudikirani ndi minibasi, nambala yawo ndi iyi, ikakanika muimbe iyi. Mukagona pasukulu yakuti, amayi kalasi yawo, abambo yawo, agogo akagona kunyumba kwa auje. Tengani zofunda, kuno kukuzizira. Chakudya cha Lachisanu usiku mpaka Lamlungu m'mawa chili kwa ife. Thiransipoti tilipirira anthu asanu amene tinagwirizana aja, kupita ndi kubwerera. Kutchalitchi ndi 8 koloko, minibasi idzakutengani 7 koloko. Madyerero ndi 1 koloko. Chilangizo ndi Loweruka lomwelo madzulo kunyumba kwa auje. Lamlungu tidzakuperekezani ku depoti 6 koloko m'mawa."

Mwamva kuti mulibe mawu a Chingerezi okometsera, mulibe maluwa. Amalume akaumva uthenga umenewu sakhalanso ndi funso.

Mwamvanso kuti Lamlungu lili momwemo. A komiti ambiri ntchito amaiona kuti yatha nyimbo yomaliza ikalira, aliyense n'kuzimitsa foni. Koma anankungwi ndi ankhoswe amene mukufuna kuti alangize banja latsopano ndi omwewo ochokera kutali, choncho nthawi ya chilangizo igwirizane ndi ulendo wawo wobwerera. Pakhale wowadzutsa, wowapatsa tiyi, wowanyamulira katundu mpaka basi itanyamuka, ndi kakamba ka panjira ngati kalipo. Madzulo ake woyang'anira alendo aimbe foni ku Mulanje ndi ku Ekwendeni kufunsa ngati onse afika.

Inu amene muli mu komiti ya ukwati chaka chino, pa msonkhano wanu wa Lamlungu likubwerali, nkhani ya keke isanayambe, kwezani dzanja mufunse tcheyamani kuti woyang'anira alendo ochokera kutali ndi ndani, ndipo musachoke dzina lisanalembedwe m'buku la mlembi. Nthawi yathu yathera pamenepa.

(NYIMBO YOTSEKERA)